Zombo za pa Nyanja Yathu ndi Anthu Akukweramo

Ife a kumapiri kuno ku Mlangeni sitiri anthu a madzi ai. Tidziwa khasu, ng'ombe ndi mbatata ya kacewere. Za mafunde tingomva kwa alendo. Koma munthu akaima pa mtsetse wa Khwekhwerere tsiku lopanda nkhungu, napenya kupitirira cigwa ca Golomoti, aona nyanja irikunyezimira patali ngati cikwanje conoledwa. Pa madzi amenewo payenda zombo za utsi kuyambira caka ca 1875, ndipo mbiri ya zombozo iri yathunso, pakuti Angoni anasenza nao zitsulo zace, ndi ena anakweramo kumka ku nchito ndi ku nkhondo.

Nyanja ndi imodzi, mwera ndi womwewo, koma makhalidwe a m'zombo anasiyana monga isiyana midzi. Mudzi utengera mfumu yace, ndipo combo citengera mwini wace. Tsono tiyeni, owerenga, tilowe m'zombozi cimodzi cimodzi, ndipo m'mene tilowamo tifunse mafunso awiri: anakweramo ndani, ndipo munthu wa dziko lino anakhala pati?

Ngalawa za matanga

Asanafike masitima, zinalipo ngalawa za matanga za Aluya. Salim bin Abdallah, wodziwika ndi dzina la Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za 1840, ndipo ngalawa zace zinali kuoloka nyanja kumka ku gombe la kum'mawa, kumene kunayambira njira ya pamtunda ya ku Kilwa. Pamwamba panakhala eni malonda ndi amarinyero ao. Pansi, pamodzi ndi minyanga ya njobvu, panapanikizana amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ya Acewa ndi ya kutali kumadzulo. Iwowa sanagule ulendo, pakuti ogulidwa anali iwo eni. Sanawerengedwe monga a paulendo, koma monga katundu.

Dr David Livingstone pofika ku Nkhotakota caka ca 1863 anapeza Aluya alikumanga ngalawa yatsopano ya nchito yomweyi. Iye anakhulupira kuti sitima imodzi yoyendayenda pa nyanja ikhoza kudula malonda oipawa, namangitsa Lady Nyassa ndi ndalama zace. Koma sitimayo sinafike pa nyanja yathu, ndipo iye anamwalira mu 1873 asanaone cimene analakalaka.

Ilala woyamba

Zitapita zaka 2, Eklesia wa Free Church of Scotland anatumiza anthu ace, mtsogoleri wao E. D. Young, ndi m'kati mwao Dr Robert Laws. Anadza ndi sitima yaing'ono yomangidwa ku London, dzina lace Ilala, kukumbukira dziko limene anafera Livingstone. Anakwera nayo Zambezi ndi Shire kufikira pa mathithi, pamene combo sicikhoza kupita. Pomwepo anaimasula zidutswazidutswa, ndipo mafumu a Amakololo anapereka anthu mazanamazana amene anazisenza pamutu, nakwera nazo m'miyala ndi m'dzuwa lotentha kufikira kumtunda kwa mathithi. Ndipo poimanganso sanasowe kanthu ngakhale kamodzi. Pa 12 October 1875 Ilala analowa m'nyanja, ndipo okweramo anaimitsa makina, naimba Salmo 100.

M'sitima imeneyi munali mopanikiza, ndipo munalibe malo akugawa anthu m'magulu. Munali sing'anga, mmisiri wa matabwa, mmisiri wa makina, mlimi, ndi omasulira mau amene kale anali akapolo naomboledwa. Moto wace unadya nkhuni, kotero kuti masiku ambiri a ulendo anathera pa gombe, anthu alikudula mitengo ndi kuiwaza. Malungo anagwira wina lero, wina mawa, ndipo manda a ku Cape Maclear acitira umboni kufikira lero. Caka ca 1876 anakweramo alaliki akuda ocokera ku Lovedale, ku South Africa. Mmodzi wa iwo ndiye William Koyi, amene anamvana cilankhulo ndi Angoni, nakwera mapiri pamodzi ndi Dr Laws mu 1878 kukaonana ndi Inkosi Chikusi. Mu 1881 Ilala yemweyo anasamutsa misyoni kumka ku Bandawe. Tinganene kuti inali nyumba ya banja limodzi losauka, lodwaladwala, koma lodziwa kumene lirikumka.

Sukulu yoyandama

Misyoni ya Universities' Mission inatsata njira yina. William Percival Johnson anaona kuti midzi ya Anyanja ya ku gombe la kum'mawa yandanda m'mbali mwa madzi ngati mikanda pa cingwe, naganiza kuti sitima ndiyo ikhale mudzi wa misyoni. Cotero mu 1885 anaponya m'madzi ku Matope sitima ya Charles Janson, dzina la mnzace amene anamwalira pafupi ndi nyanja mu 1882. Ndipo caka comweco anakhazika misyoni pa cisumbu ca Likoma. Johnson anadwala maso potenga sitimayo, natsala ndi kuona pang'ono kokha, koma anayenda pa nyanja zaka zoposa 40, kufikira anamwalira ku Liuli mu 1928.

Okwera m'sitima imeneyi ambiri anali aphunzitsi akuda. Ena anacokera ku Zanzibar, monga Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, naomboledwa, naphunzira, nadzakhala wansembe ku Msumba. Taonani kusinthika kwa zinthu: mwana amene anali katundu wa amalonda, tsopano alikutsika pa gombe ndi mabuku m'manja, ndipo ana a m'mudzi alikumthamangira.

Mu September 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja, ngalawa yace ya matanga itagubuduzika ndi namondwe usiku, naikidwa ku Nkhotakota. Pomkumbukira anamanga sitima yaikuru ku Glasgow, naitumiza m'zidutswa 3,481. Mphika wace wa nthunzi sunatheke kugawika. Unalemera matani 11, ndipo anauika pa gareta, naukoka Angoni 450, nayenda nao mamailo 3 okha pa tsiku, kukwera zitunda ndi kuoloka makwawa. Zoonadi mutu umodzi susenza denga. Manambala olembedwa pa zidutswa anafufutika, kotero amisiri anabvutika nthawi yaitali kulumikiza ciri conse pa malo pace, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu June 1901.

M'Chauncy Maples munali kacisi wopemphereramo, cipinda ca sukulu ca anyamata ophunzira uphunzitsi, malo a odwala, ndi makina osindikizira. Tsiku linayamba ndi mapemphero, nilitsirizika ndi mapemphero. Pakati pace panali maphunziro, kutola nkhuni, ndi kutsika pa midzi kukayesa ana a sukulu. Wokwera m'menemo anamva belu ndi nyimbo za Cinyanja kopambana phokoso la malonda. Munthu wa dziko lino anakhala pa benci la wophunzira. Ulamuliro unali wa Azungu, koma khomo la nzeru linali lotseguka. Sitimayi inagulidwa ndi Boma mu 1953, inagwira nchito ya usodzi, pambuyo pace ninyamula anthu ndi katundu, kufikira inaleka kuyenda ku Monkey Bay.

Masitima a Mandala

Caka ca 1878 amalonda Akristu a ku Glasgow anayambitsa kampani imene inadzadziwika ndi dzina la African Lakes, naika abale awiri, John ndi Frederick Moir, akhale oyang'anira. Anthu anaona magalasi a m'maso a John Moir, nayamba kunena kuti kwa Mandala, ndipo dzinalo linakhala. Cifuniro ca eni ace cinali cakuti malonda a nsaru ndi mikanda alande malo a malonda a anthu. Kampaniyi inatenga Ilala kwa amisyoni, niwonjeza masitima ena, monga Domira ndi Queen Victoria pa nyanja, ndi ena pa mitsinje. Pa dooko la Domira Bay ndi pamene panatsikira katundu wa misyoni ya ku Mvera.

Mzungu wocokera ku Ulaya masiku amenewo anatsika sitima ya pa nyanja ya mcere ku Chinde, nakwera ya pa mtsinje kufikira Chiromo kapena kwa Katunga, nanyamulidwa pa macila kupyola Blantyre kumka ku Matope, nakweranso sitima kupyola nyanja ya Malombe kufikira Fort Johnston, ndiko ku Mangochi. Pa gome la m'sitima ya Mandala panakomana anthu osayenerana: mmisyoni ndi mkazi wace, mlenje wa njobvu, bwana wa Boma, mlimi wa khofi, Mjeremani womka ku Langenburg. Ena anafuna nyimbo za Mulungu, ena nkhani za mfuti ndi mitengo ya minyanga. Ndipo ambiri a iwo analemba madandaulo m'makalata ao za kucedwa kwa masitima ndi kusokonezeka kwa katundu.

Nanga munthu wakuda anakhala pati? Anakhala pabwalo la sitima, pakati pa mitolo ya nsaru ndi miyulu ya nkhuni, padzuwa ndi pamvula, nadziphikira yekha, napfunda nsaru yace usiku. Ambiri anali Atonga a ku Bandawe, amene anayamba kulembedwa nchito ndi Mandala m'zaka za 1880. Ena anasonkheza moto wa sitima ndi kugwira tsigiro, ena anatsikira ku minda ya khofi ya ku Blantyre. Msonkho wa nyumba utafika, ulendowo unatalika, nufika ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi; koma pa gombe panatsala akazi ndi ana, ndipo ena a omukawo anasanduka macona osabweranso. Munalinso anyamata omka ku sukulu yaikuru ya ku Khondowe, yoyambidwa mu 1894, amene anatsikira ku Florence Bay nakwera phiri pansi. Munthu wa pabwalo la sitima ya Mandala sanali kapolo, pakuti anakwera ndi dzina lace ndi malipiro ace. Komatu makwerero omka ku zipinda za pamwamba sanali ace.

Masitima a Boma ndi nkhondo

Dzikoli litalowa m'manja mwa Angelezi mu 1891, Boma linaika pa nyanja masitima a mizinga, Pioneer ndi Adventure, mu 1893, akuthyola nao mphamvu ya Makanjira ndi ena ogulitsa anthu. Ajeremani naonso anaponya yao caka comweco, dzina lace Hermann von Wissmann. Mu 1899 inadza Guendolen, yaikuru yoposa anzace onse. M'menemo munali lipenga, mbendera ndi kulamula; okweramo anali abwana a Boma osinthana maboma, asilikari Asikh ocokera ku India, asilikari Ayao ndi Atonga, amtengatenga, ndi andende omangidwa.

Kapitao Rhoades wa Guendolen ndi Kapitao Berndt wa sitima ya Ajeremani anali mabwenzi akumwera pamodzi. Mu August 1914 mau a nkhondo anafika kwa Angelezi poyamba, ndipo Rhoades anapita ku Sphinxhaven, ndiko ku Liuli, napeza sitima ya mnzace iri pamtunda irikukonzedwa, naiombera mzinga. Berndt, wosadziwa kuti kwagwa nkhondo, anapalasa kabwato mokwiya kudzafunsa ngati bwenzi lace laledzera. Ndipo pomwepo anamuuza za nkhondo, namgwira. Iyi iwerengedwa imodzi mwa nkhondo zoyamba za pa madzi m'Nkhondo Yaikuru ija.

Nkhaniyi iseketsa, koma zotsatira zace sizinaseketse munthu. Popeza nyanja inatsala m'manja mwa Angelezi, masitima onse, a Boma, a Mandala, ndi Chauncy Maples yemwe, anasanduka onyamula nkhondo. Anatenga asilikari kumka ku Karonga, kumene anamenyana ndi Ajeremani mu September 1914, ndipo zaka zotsatira anatenga amtengatenga zikwizikwi, ogwidwa m'midzi ya m'maboma onse, ya kuno ku Ntcheu yomwe. Munthu wa kumapiri amene sanaonepo mafunde anaikidwa m'sitima yodzala, nasanza njira yonse, natsikira ku dziko lacilendo kukasenza katundu wa nkhondo ya eni. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi cimfine ca 1918. Malo a pemphero ndi a sukulu anadzala mabokosi a zipolopolo. Pakuti combo cisintha mtima pamene asintha woculamulira.

Masitima a njanje

M'zaka zimenezo madzi a nyanja anatsika, ndipo kuyambira 1915 mtsinje wa Shire unaleka kuturuka bwino m'nyanja kwa zaka ngati 20, kotero njira yakale ya ku Matope inafa. Mu 1935 unatha mlatho wa pa Zambezi, ndipo njanje inapyola Balaka, Golomoti ndi Mtakataka, nifika ku Chipoka ndi ku Salima. Kuyambira pamenepo munthu wa kuno anakhoza kutsika phiri, nakwera sitima ya pamtunda pa Golomoti, nakomana ndi ya pamadzi pa Chipoka. Kampani ya Nyasaland Railways inatenga nchito ya pa nyanja, niyamba ndi Mpasa, sitima ya katundu.

Mu 1946 kampaniyo inayendetsa sitima yatsopano ya anthu, dzina lace Vipya. Pa 30 July caka comweco, pa ulendo wace wacinai, inacoka ku Mbamba Bay kuoloka kumka ku Florence Bay, nyengo ya mwera. Mafunde anakula, madzi analowa, ndipo sitimayo inagubuduzika, nimira pafupi ndi kumene inali kumka. Anafa anthu 145, ndi kapitao yemwe. Tsiku limenelo nyanja sinafunse munthu kuti tikiti yako ndi ya gulu liti. A m'zipinda ndi a pansi anatsikira ku manda amodzi. Palibe tsoka lina la sitima pa nyanja yathu lolingana nalo.

Pambuyo pace kampani ya Yarrow, yomwe inamanga Ilala woyamba, inamanga Ilala waciwiri ku Glasgow mu 1949. Nayenso anadza m'zidutswa, koma tsopano pa njanje kucokera ku Beira, osati pa mitu ya anthu; anamlumikiza ku Monkey Bay, nayamba nchito mu 1951. Kwa zaka zambiri ulendo wace unayamba Lacisanu ku Monkey Bay, nupyola Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe kufikira Chilumba, nubwerera momwemo.

Amene anakwerapo Ilala adziwa kuti muli midzi itatu yosanjikizana. Pamwamba penipeni pali bwalo la mphepo yabwino ndi malo a zakumwa. Apo pagona alendo a ku Ulaya ndi America odzaona dziko, ndi zikwama zao za kumsana, alikujambula dzuwa polowa ndi mitambo ya nkhungu zouluka pa madzi. Pansi pao pali zipinda za makama ndi gome la cakudya, mokhala akuluakulu a Boma, abusa ndi amalonda olemera. Koma moyo wa sitima uli pansi. M'menemo muli amai a malonda okhala pa matumba a usipa, matumba a cimanga ndi ufa wa kondowole, malata, simenti, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, ana a sukulu ndi masutikesi ao, odwala omka ku cipatala, ndi maliro omka kwao. Mumveka Citonga, Citumbuka, Ciyao, Cinyanja ca ku Likoma ndi Ciswahili. Muli pfungo la nsomba ndi la mafuta a makina. Munthu apondana ndi mnzace, napepesa, nagawana naye nthoci. Pa madooko ambiri palibe pokoceza, kotero sitima iponya nangula patali, niliza lipenga lace, nitsitsa mabwato ace awiri; ndipo anthu atsikiramo ngakhale pakati pa usiku, nayenda m'madzi ofika m'cuuno, katundu pamutu, mwana kumsana.

Magulu alipobe, koma cowagawa casinthika. Kale cinali khungu. Kuyambira dziko linalandira ufulu mu 1964 ndi ndalama, ndipo oyendetsa sitima ndi ana a dziko lino. Mdzukulu wa wosonkheza moto aima pa tsigiro, ndipo mdzukulu wa mtengatenga akhoza kugona m'cipinda ngati thumba lace limlola. Kumeneko ndi kupita m'tsogolo, ndipo tisakupeputse. Koma kupanikizana kwa pansi kutikumbutsa kuti ulendo sunathe.

Cimene tiphunzirapo

Ku maiko a kutali masitima akuru a anthu anagonja kwa ndege. A Union-Castle, amene ananyamula makalata ndi anthu pakati pa Southampton ndi Cape Town, analeka mu 1977, ndipo masitima akuru otsala pa nyanja za mcere ambiri anyamula anthu ongoyendera cisangalalo, osankha sitima monga munthu asankha nsaru m'sitolo, yina ya acinyamata okonda magule, yina ya okalamba ofuna bata. Pa nyanja yathu sipanakhale cotero. Owerengeka okha anakwera cifukwa ca kukondwa. Ambiri anakwera cifukwa ca goli, kapena msonkho, kapena nkhondo, kapena sukulu, kapena njala, kapena nthenda. Munthu wa ku Chizumulu kapena wa ku Ruarwe sasankha combo. Sitima ikaleka kuyenda cifukwa ca kukonzedwa, mitengo ya ufa ndi sopo ikwera pa cisumbu, ndipo anthu aika moyo wao m'mabwato ang'ono pa mafunde omwe aja anamiza Vipya. Cifukwa cace nkhani ya kusamala masitima ndi kumanga madooko si ya anthu a kunyanja okha ai, koma ya mtundu wonse.

Tsono wofuna kudziwa makhalidwe a combo asayambe pamwamba pamene pali mipando yabwino. Atsikire pansi, naone umo akhalira wosauka. Muyeso womwewo uyenera dziko.

Maina a akapitao ndi a mabishopu analembedwa pa zitsulo ndi pa miyala, ndipo nkoyenera. Koma Angoni 450 aja anakoka mphika wa Chauncy Maples, ndi mazana aja anasenza Ilala pa mathithi, ndi odula nkhuni a pa magombe onse, awerengedwa ndi nambala yokha. Inu aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo, mukapeza mpata wopita ndi ana ku Mangochi, kaimeni nao pa nsanja ya koloko pafupi ndi mlatho wa Shire. Pamenepo pali mzinga wa Guendolen ndi cikumbutso ca omira m'Vipya, ndipo pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale za pa nyanja. Muwaonetse zimenezo, ndipo pobwera kumudzi muwatume kwa agogo ao akafunse ngati m'banja mwao munali wina amene anatsikira kunyanja ndi katundu pamutu. Akapeza dzina lace, alilembe m'buku.